Khonde la Sitolo N'la Yani? Mtsutso wa Eni Nyumba ndi Ochita Lendi ku Mchinji

Aliyense amene anayendapo pa msewu waukulu wa M12, wochokera ku Lilongwe kulowera kumadzulo, kudzera pa Waliranji ndi pa Kamwendo kufikira pa boma la Mchinji ndi kumalire kumene Malawi apatsana moni ndi Zambia, adziwa kuti masitolo ambiri a m'mbali mwa msewuwo sasunga malonda a munthu mmodzi yekha ayi. Pakuti m'kati mupeza wogulitsa sopo, shuga ndi mafuta ophikira, pakhonde mupeza telala ndi makina ake, pambali pake mtsikana wotumiza ndalama za Airtel Money ndi Mpamba, ndipo nyengo yokolola ikafika, pakhomo pomwepo papachikidwa sikelo ya wogula mtedza ndi soya. Anthu onsewa apeza chakudya chawo pansi pa denga limodzi, koma mwini denga anapangana ndi mmodzi yekha mwa iwo. Ndipo pa chifukwa chimenechi pabuka milandu imene idanitsa abale ndi kufikitsa anthu olemekezeka pabwalo la majisitireti. Funso lake ndi ili: kodi munthu amene wachita lendi nyumba ya malonda ali ndi ufulu wosintha malonda ake monga afunira, ndi kulowetsamo mnzake womulipira, kapena ayenera kukhala m'malire a zimene mwini nyumba anamulola tsiku loyamba lija?

Nkhaniyi sinayambe dzulo. M'masiku amene boma la Mchinji linkatchedwa Fort Manning, ndipo Chipata inkatchedwa Fort Jameson, malonda a m'masitolo anali m'manja mwa Amwenye, amene ankagulitsa nsalu m'kati, nalola matelala a Chiafirika kusoka pakhonde, popeza wogula nsalu afunanso womusokera. M'zaka za m'ma 1970 boma la Dr. Hastings Kamuzu Banda linalamula kuti amalonda a Chimwenye achoke m'madera a kumidzi ndi kukachitira malonda awo m'mizinda ikuluikulu, kotero kuti pofika 1978 nyumba zambiri za malonda zinagwa m'manja mwa Amalawi, ena odziwa malonda, ena odziwa kulandira lendi kokha. Kuchokera pamenepo malonda a m'malire anangokulirakulira: njanji yochokera ku Lilongwe inafika ku Mchinji, nilumikizidwa ndi Chipata mu 2010, kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 600,000 m'bomali, ndipo mu Disembala 2022 Pulezidenti Lazarus Chakwera ndi Pulezidenti Hakainde Hichilema anatsekulira chipata cha Mchinji ndi Mwami, pamene amalonda aonetsa mapepala awo pamalo amodzi m'malo mwa awiri. Pamene anthu ndi magalimoto achuluka, kachipinda kalikonse koyang'ana kumsewu kasanduka chuma, ndipo pamene pali chuma mkangano suchedwa kufika.

Tiyambe tamva eni nyumba, pakuti mwambo wathu umati mwini mudzi ayambe walankhula mlendo asanatsekule pakamwa. Iwo ati: nyumba iyi sinamere ngati bowa, koma ndinaumba njerwa, ndinagula malata ndi ndalama za fodya wa zaka zambiri, ndipo ndiyo penshoni yanga ndi cholowa cha ana anga; tsono pamene ndinapereka makiyi, ndinawapereka kwa munthu amene ndinamuyang'ana m'maso, ndinafunsa mbiri yake, ndi kukhutira ndi khalidwe lake, osati kwa aliyense amene iye adzamukonda mawa. Aonjeza kunena kuti lendi imene anatchula inayesedwa ndi mtundu wa malonda amene anauzidwa, pakuti golosale siidya nyumba monga aidyera malo omwera mowa, kumene zitseko zithyoka, chimbudzi chidzaza msanga, ndipo anansi sagona tulo. Ndiponso chipinda chimene chinamangidwira kusoka zovala, chikadzazidwa matumba a chimanga kufikira kudenga, simenti yake isweka, makoswe ndi anankafumbwe nalowa m'nyumba yonse. Munthu amene anapempha malo ogulitsira sopo, iwo ati, nasanduliza malowo kukhala bala, watenga chinthu chimene sanagule.

Mfundo yawo yachiwiri, imene ilemera koposa kuno kumalire, ndi ya lamulo la dziko. Nkhuyu zodya mwana zipota akulu. Ndipo mwini nyumba adziwa kuti apolisi, a khonsolo kapena a bungwe lotolera misonkho la MRA akapeza katundu wozembetsedwa m'chipinda chakumbuyo, kapena zigubu za petulo zosungidwira msika wamseri m'masiku a kusowa kwa mafuta, dzina limene limveka m'mudzi ndi la mwini nyumba, ndipo moto ukabuka, nyumba yopsayo ndi yake. Chiphaso chogulitsira mowa chiperekedwa poyang'ana malo ake, osati munthu yekha. Lamulo la mapulani a malo la 2016 lifuna chilolezo pamene ntchito ya nyumba isinthidwa kwakukulu. Ndipo lamulo la ziphaso za malonda la 2012 linaika malire pa malo amene anthu a maiko ena angachitirepo malonda. Eni nyumba akumbukiranso chaka cha 2023, pamene boma linalamula anthu othawa nkhondo kwawo kuti abwerere ku msasa wa Dzaleka ku Dowa, ndipo masitolo ambiri m'dziko muno anatsekedwa mwadzidzidzi, chinthu chimene chinabweretsa chisoni kwa mabanja aja ndi chipwirikiti kwa amene anawapatsa malo. Nanga, iwo afunsa, munthu amene sadziwa amene ali m'nyumba mwake adzayankha chiyani tsiku lotere?

Mfundo yachitatu ndi ya phindu, ndipo iyi ndiyo imene iwawa mumtima ngakhale kuti sainena poyera nthawi zonse. Pamene wochita lendi agawa sitolo pawiri, napereka khonde kwa telala, ngodya kwa wa Mpamba, ndi chipinda chakumbuyo kwa wogula mbewu, zichitika kuti ndalama zimene atolera kwa anthu atatuwa zifanana ndi lendi yonse imene iye apereka, kapena kuiposa, kotero kuti akhala m'nyumba ya mwini ulere, nakolola pamene sanafese. Eni nyumba aona kuti ngakhale bungwe la Malawi Housing Corporation, limene linakhazikitsidwa mu 1964, sililola okhala m'nyumba zake kuzichititsa lendi kwa ena, ndipo afunsa kuti ngati bungwe la boma lidziteteza motero, mkazi wamasiye wa pa Kapiri kapena pa Mkanda, amene chuma chake chonse ndi zitseko ziwiri zoyang'ana kumsika, alekerenji kudziteteza. Akumbutsanso fanizo la m'Uthenga Wabwino la olima munda wamphesa, amene atakhalitsa m'munda wobwereka anaiwala kuti mundawo uli ndi mwini.

Awa ndi mawu olemera, ndipo munthu wanzeru sangawapeputse. Koma mlandu sagamula atamva mbali imodzi, choncho timve tsopano ochita lendi. Iwo ayamba ndi nyengo. Malonda a ku Mchinji, iwo ati, atsata khasu: kuyambira Epulo kufikira Ogasiti, pamene mtedza, soya, chimanga ndi fodya zigulitsidwa, ndalama ziyenda ndipo sitolo idzaza anthu, koma Januwale ndi Febuluwale akafika, miyezi ya njala, munthu akhala pakauntala tsiku lathunthu nagulitsa machesi ndi mchere wokha, pamene lendi ya mwezi umenewo ifunika yathunthu, yosachotsera ngakhale tambala. Wamalonda amene sasintha malonda ake potsata nyengo, amene sagulitsa mbewu ndi feteleza mu Novembala, makope ndi yunifomu potsekulira sukulu, ndi kugula zokolola m'masika, ameneyo atseka chaka chisanathe. Ndipo akatseka, mwini nyumba amene anaumirira pa mawu akuti golosale yokha atsala ndi nyumba yopanda munthu. Pamene ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo yopikulira katundu inakwera, lendi nayo inatsatira, ndipo ambiri anapulumuka pogawana chipinda ndi mnzawo, popeza mutu umodzi susenza denga.

Apitiriza kunena kuti chimene mwini nyumba anagulitsa ndi malo pa nthawi yoikika, ndipo munthu amene walipira mwezi wathunthu ndiye mwini mweziwo. Tsono ngati lendi ifika pa tsiku lake, makoma ali chilili, ndipo anansi sadandaula, mwini nyumba wataya chiyani pamene telala akhala pakhonde? Phindu limene eni nyumba alilirira, iwo ati, silinagwe kumwamba, koma linabadwa ndi thukuta la wochita lendi, amene anapeza nyumba ili bwinja, naipaka utoto, naika mashelefu ndi zitsulo za m'mawindo, nakokera magetsi a ESCOM ndi ndalama zake, nazoloweretsa ogula kuponda pakhomopo zaka zingapo. Ndipo khonde limene lero lili ndi mtengo linalibe wolifuna iye asanabwere. Nawonso ali ndi fanizo lawo la m'Malembo, la kapolo amene anakwirira ndalama ya mbuye wake pansi nadzudzulidwa, pamene anzake amene anachita nazo malonda anayamikidwa. Ndipo afunsa ngati chili chilungamo kulanga munthu chifukwa chakuti wapindulitsa malo amene anapatsidwa.

Dandaulo lawo lalikulu, komabe, ndi lakuti mawu akuti "waswa pangano" asanduka chikwanje m'manja mwa eni nyumba ena. Alipo amene aona telala pakhonde zaka ziwiri, nasoketsa kwa iye zovala za ana awo, nalandira lendi mwezi ndi mwezi osanena kanthu. Koma tsiku limene munthu wina wa ndalama zambiri awanong'oneza kuti adzalipira kawiri, pomwepo akumbukira kuti khonde silinali m'pangano, nabwera m'mamawa ndi loko wawo, natsekera katundu wa mwini m'kati, buledi ndi zakumwa zili momwemo. Ena salola kanthu kalikonse pokhapokha lendi ikwere, kotero kuti chilolezo chisanduka malonda achiwiri. Amalonda amene awoloka kupita ku Chipata anamva kuti ku Zambia kuli lamulo la 1971 loteteza ochita lendi m'nyumba za malonda, limene lifuna kuti mwini nyumba apereke notisi ya miyezi ingapo, ndi kupatsa wochita lendi danga lopempha bwalo kuti limuonjezere nthawi, pokhapokha mwini nyumba ataonetsa chifukwa chomveka, monga kuchedwetsa lendi kawirikawiri kapena kuswa pangano. Ndipo alakalaka kuti tsidya lino la malire wamalonda azigona ndi mtima wotere.

Tsono titamva mbali zonse ziwiri, nkoyenera kufunsa chimene akuluakulu a malamulo anena. Malamulo a mapangano amene mabwalo athu atsata anachokera ku England, nalowa m'dziko muno ndi chilamulo cha 1902, ndipo mutu wake ndi wakuti pangano ndilo mfumu ya opangana. Potsata malamulo a ku England amenewo, pamene pangano silinena kanthu, wochita lendi angathe kuchita m'nyumbamo malonda alionse ololedwa ndi lamulo, malinga asaononge nyumba kapena kusautsa anansi, ndipo angathe kubwereketsako gawo kwa wina; koma pamene pangano liletsa, kapena lifuna chilolezo cha mwini nyumba, wochita lendi amene achita mwa yekha waswa pangano ndithu, ndipo angathe kutulutsidwa ngati panganolo linatero. Komabe lamulo lomwelo silikondwera ndi munthu wa mitima iwiri, pakuti mwini nyumba amene adziwa bwino kuti pangano laswedwa, napitiriza kufuna ndi kulandira lendi ya miyezi yotsatira, bwalo lingathe kumuyesa kuti anakhululuka, ndipo sangadzuke tsiku lina ndi kutulutsa munthu pa cholakwa chimene anachidyera. Motero lamulo lipatsa mbali iliyonse ndodo, ndipo lilanda mbali iliyonse ndodo ina. Koma vuto la pa Kamwendo ndi pa Mkanda ndi lakuti mapangano ambiri ali apakamwa, opangidwa pansi pa mtengo popanda mboni, kotero kuti pofika pabwalo aliyense akumbukira mawu omukomera yekha.

Mwambo wa makolo athu nawo suli chete pa nkhaniyi, ndipo aliyense wokulira m'midzi ya kwa Zulu, kwa Mlonyeni, kwa Mavwere kapena kwa Dambe audziwa. Munthu wobwereka munda aloledwa kudzala chimanga, mtedza kapena mbatata monga aona kuti nthaka ifuna, ndipo mwini munda sabwera kudzamuwerengera mizere. Koma saloledwa kudzalamo mitengo kapena kumangamo nyumba ya njerwa, ndipo sangaitane mlendo ndi kumudulira chigawo mwini munda ndi anyakwawa osadziwa. Taonani nzeru imene ili m'menemo: makolo anasiyanitsa kusintha kumene kutha ndi nyengo ndi kusintha kumene kutsalira pamalo, napereka ufulu pa koyambako, nafuna chilolezo pa kwachiwiriko. Ameneyu ndiye muyeso umene uyenera kutengedwa kumunda ndi kuikidwa m'sitolo. Kuchoka pa sopo kupita pa makope, kapena pa kaunjika kupita pa mbewu, ndi mizere ya m'munda. Koma kusandutsa golosale kukhala bala, kuika chigayo, kugumula khoma, kapena kusunga mafuta a galimoto, kumeneko ndiko kudzala mtengo m'munda wa mwini.

Pali munthu wachitatu amene mbali zonse ziwiri zimuiwala, ndipo ndiye amene ine andimvetsa chisoni koposa: telala uja, mtsikana wa Mpamba uja, mayi wogulitsa zitenje zochokera ku Chipata, amene alipira ndalama zake mokhulupirika kwa wochita lendi, osadziwa kuti mwini nyumba samudziwa. Iye alibe pangano ndi mwini nyumba, ndipo pamene wochita lendi atulutsidwa chifukwa choswa pangano, ufulu wa wachitatuyu ugwera limodzi ndi wa amene anamulowetsa, ngakhale atalipiriratu miyezi itatu. Makina ake atsekeredwa, mpamba wake wa ngongole ya ku banki ya m'mudzi uima, ndipo ogula amene anamuzolowera abalalika. Wochita lendi amene abisa munthu wotere kwa mwini nyumba sanyenga mwini nyumba yekha, koma aika mnzake wosauka pa nthambi youma. Ndipo pa mfundo imeneyi ine sindipeza chowiringula chilichonse chomuikira kumbuyo.

Chigamulo changa chili chotere. Eni nyumba akhoza pamene anena kuti ayenera kufunsidwa, pakuti safunsa anadya phula, ndipo palibe umphawi kapena kukwera kwa mitengo kumene kupatsa munthu ufulu wolowetsa mlendo m'nyumba ya mnzake mobisa, kapena kuika nyumbayo pangozi ya moto ndi ya lamulo. Ochita lendi nawo akhoza pamene anena kuti chilolezo sichiyenera kukanizidwa popanda chifukwa, kapena kugulitsidwa ngati mbuzi pamsika, ndi kuti munthu amene anaona nakhala chete zaka ziwiri asadzasandutse kukhala chete kwake msampha. Mwini nyumba akane pamene mlendo wofuna kulowayo alibe chiphaso, pamene malonda atsopano aononga nyumba kapena asowetsa anansi mtendere, ndi pamene lamulo la dziko liletsa. Koma kunja kwa zifukwa zotere alole, ndipo ngati khonde labala phindu, akambirane zogawana mwachilungamo, pokumbukira kuti mmodzi anamanga khondelo ndipo wina analipatsa ogula. Za loko wa m'mamawa ndinena mosabisa kuti ndi njira yopusa, chifukwa mwini nyumba amene atsekera katundu wa mnzake angathe kudzipalira mlandu woposa lendi imene amalondola. Njira ya ulemu ndiyo notisi yolembedwa, kukambirana pamaso pa akuluakulu a komiti ya msika kapena amfumu, ndipo zikakanika, bwalo la milandu.

Chifukwa chake ndipempha inu nonse a ku Mchinji amene muli ndi zitseko zoyang'ana kumsewu, ndi inu amene mufunafuna malo a malonda, kuti musaperekenso kapena kulandira makiyi popanda pepala, ngakhale mutakhala a mpingo umodzi kapena a mbumba imodzi. Pepalalo lilembedwe m'Chichewa chomveka, litchule lendi ndi tsiku lake, nthawi ya pangano ndi utali wa notisi. Litchule malonda ololedwa mosapanikiza, moganizira nyengo za chaka, ndi malonda oletsedwa mwa maina awo. Linene za khonde ndi chipinda chakumbuyo, za wolipira magetsi, madzi ndi msonkho wa khonsolo, ndi za zimene zidzachitike ndi mashelefu ndi zitsulo pamene wochita lendi achoka. Ndipo aliyense wolowamo pambuyo pake dzina lake lilembedwe pa pepala lomwelo, mwini nyumba nasainirapo. Khonsolo ya Mchinji, imene ipereka ziphaso za malonda chaka ndi chaka, ingathandize kwambiri itakonza chitsanzo cha pangano lotere ndi kuchipereka kwa aliyense wodzadula chiphaso. Lembani pangano lanu lero, mukali kumwetulirana, pamaso pa mboni ziwiri, ndipo aliyense asunge pepala lake.